Dzanja la Pakhosi Silisiya Bala

Abambo nonse, atenanti, akapitawo ndi inu eni minda, zikomo posiya nazale zanu m'mawa uno. Ndikudziwa kuti ambiri mwabwera chifukwa mwini esiteti walamula, ndipo mitima yanu yatsalira ku makeni othirira. Ine si wa ku khonsolo, si wapolisi, si m'busa. Dzina langa ndine Gilibati Mbewe, wa kwa Mwase konkuno, ndipo ndaima pano chifukwa ndinatsala pang'ono kupha mkazi wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti pasakhale wina woganiza kuti ndabwera kudzakuphunzitsani ngati munthu woyera m'manja.

Ndinaphunzira za ulimi mpaka kutenga dipuloma, ndipo ndinalembedwa ntchito ya umanijala pa esiteti ina ya fodya wa bale cha ku Kapelula. Mowa sindinkamwa. Kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo. Ndikutchula izi chifukwa ambirife timaganiza kuti wopha mkazi ndi chidakwa chogona m'ngalande. Ine ndinkavala malaya osita, ndipo anthu ankandipatsa moni atavula chipewa.

Mkazi wanga anali Nankhoma, wa ku Ntchisi. Ndinamutenga chitengwa n'kukakhala naye m'nyumba ya pa esiteti, kutali ndi amalume ake ndi alongo ake. Tinabereka ana awiri, woyamba wamkazi dzina lake Tadala.

Kwa nthawi yaitali ndinkanena kuti chinandisokoneza ndi mitengo yoipa ya ku okushoni ndi ukali wa mwini esiteti. Ndaiunika bwino nkhaniyi, ndipo ndapeza kuti ndi bodza. Mwini esiteti akandizazira, sindinkamumenya iyeyo. Dzanja langa linkadziwa kusankha pogwera.

Zinayamba ndi mbama imodzi, imene ndinapepesa ndi chitenje chatsopano. Kenako ndinamulanda foni, ati abale ake akumuphunzitsa mwano. Ndinamuletsa kupita ku misonkhano ya amayi a kutchalitchi, ndinamuletsa kumsika, zogula ndinkabwera nazo ndekha. Koma mbama inali ndi vuto: imatupitsa tsaya, ndipo akazi a atenanti ankaliona tsayalo pa mjigo. Mkazi wa manijala sangayende ndi nkhope yotupa. Choncho ndinasiya kumenya kumaso n'kuyamba kugwira pakhosi. Mundimvetse bwino: sichinali chipwirikiti cha mkwiyo, ndinachita kusankha, chifukwa khosi silionetsa bala. Ndinkafinya mpaka mawondo ake alobodoke, n'kumusiya. M'mawa mawu ake ankakhala osasa, ndipo wina akafunsa ankati ndi chimfine. Pambuyo pake ndinatenga botolo la mankhwala opopera fodya kusitolo ya pa esiteti n'kukaliika pamwamba pa kabati m'chipinda chathu. Ndinati ndi la makoswe. Koma ndinali nditamuuza kale kuti: "Amake Tadala, tsiku limene mudzandithawe, tonse tidzapitira limodzi."

Pa nthawi yomweyo, ine yemweyu ndinkaweruza milandu ya mabanja a anthu ena. Inu atenanti mukudziwa chifukwa chake. Munachoka ku Phalombe, ku Mulanje, ku Machinga, ankhoswe anu munawasiya kumeneko. Banja likavuta pa esiteti, nkhani imapita kwa manijala. Koma manijala si nkhoswe. Iye ali ndi chake chimene akuteteza: munda umalembedwa m'dzina la mwamuna, koma manja osoka fodya ndi a mkazi. Mkazi akachoka pakati pa nyengo, fodya amaolera m'munda. Choncho chigamulo changa chinkadziwika mlandu usanayambe: gwirizanani, bwererani kuntchito.

Ndinalinso ndi njira yanga yoyezera milandu, yomwe ndinaitenga ku ntchito yosankha fodya. Tsamba timaliweruza ndi maso: mtundu wake, mawanga ake, kung'ambika kwake. Ndinkachita chimodzimodzi ndi akazi odandaula. Wa bala lalikulu, mwamuna wake ndinkamukalipira. Wopanda bala ndinkamuika m'gulu la mikangano wamba.

M'nyengo yothyola fodya kunabwera ku ofesi kwanga mayi wina wa ku Phalombe, dzina lake Elube, mkazi wa tenanti wotchedwa Makwinja. Anagwada pakhomo, manja ali bii ndi utomoni wa fodya.

"Bwana, mundithandizeko ulendo ndizipita kwathu."

"Wakumenyani pati?"

"Samenya, bwana. Amandigwira apa mpaka m'maso muchite mdima."

Ndinayang'ana khosilo. Panalibe bala, panalibe chotupa.

"Mayi, fodya wapsa m'munda. Mukachoka asoka ndani? Pirirani kaye tigulitse, za ulendo tidzakambirana."

Ndinaitanitsa Makwinja. Anabwera akumwetulira, chipewa chili m'manja. "Bwana, akazi angawa ndi apakamwa. Ndimangowatseka pang'ono kuti anthu agone." Ndinamuchenjeza ndi mawu ochepa, ndinawagwiritsa chanza, ndinawatumiza kuchigafa choumitsira fodya. Fodya amene anasoka tsiku limenelo asanaume, Elube anapezeka atafa m'nyumba mwake. Apolisi anamutenga Makwinja. Malirowo tinaika kumanda a alendo kumphepete kwa dambo, abale ake anafika dothi litakwiriridwa kale, ndipo m'mawa mwake ntchito inapitirira.

Mwina mukuganiza kuti imfa imeneyi inandidzidzimutsa. Ayi. Ndinauza mkazi wanga kuti: "Ndi mmene amachitira anthu osaphunzira."

Fodya atagulitsidwa, zigafa zili mbee, kunabwera anthu ochokera ku khonsolo ya boma. Ankawatsogolera ndi mayi Chirwa, a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, pamodzi ndi wapolisi mmodzi ndi mlangizi wa zaumoyo. Anafotokoza kuti khonsolo inayamba njira yatsopano: mkazi akaphedwa m'banja, iwo amapita pamalopo, osati kudzazenga mlandu, pakuti umenewo ndi wa khoti, koma kudzalondola njira imene imfayo inadzera, kuti aone pamene ikanatsekedwa. Anatisonkhanitsa m'chigafa chachikulu, amuna ndi akazi.

Mayi Chirwa anatola mikangala, timitengo topachikapo fodya tija, n'kuiunjika pambali pawo.

"Aliyense amene anaona kanthu kapena kumva kanthu Elube ali moyo, anene. Palibe womangidwa lero. Chilichonse chimene munene, tiyala mkangala umodzi pansi."

Kenako mayi wina woyandikana naye nyumba anati: "Ine ndinaona Makwinja atamulanda foni n'kuiponya m'chimbudzi." Mkangala unagwa pansi. Wina anati anamuletsa kupita ku kwaya. Wina anakumbukira mbama ya pa mjigo. Kapitawo wathu wamkulu, a Zimba, munthu wachikulire, anakanda kumutu n'kunena kuti: "Tsiku lina tikusewera bawo Makwinja anati, mkazi uyu akadzandithawa ndidzamupha, inenso n'kudzimangirira. Tinaseka, mayi. Tinati ndi kachasu akulankhula."

"Nanga mikangalayi ikwana?" anatero mwamuna wina kumbuyo. Anthu anayamba kuseka, koma kusekako kunafera pakamwa.

Inenso ndinanena zanga: kuti Elube anadandaula za khosi, kuti anapempha ulendo, kuti ndinamubweza. Mayi Chirwa sanandidzudzule. Anangoti: "A manijala, inu mumadziwa kusanja zinthu. Tithandizeni kuyala mikangalayi, kuyambira chochepa mpaka chimene chayandikana ndi maliro."

Ndinagwada n'kuyamba kusanja mosamala, monga ndinkachitira ntchito iliyonse. Mkangala wa khosi ndinauika koyambirira, pakati pa zazing'ono, popeza panalibe bala. Mayi Chirwa anawerama, anautola, anayenda nawo mzere wonse n'kukauika kumapeto, pafupi ndi woimira imfa ya Elube.

"Yayi, a manijala. Uwu malo ake ndi apa. Mwamuna wogwira pakhosi wayamba kale kupha, wangolekeza panjira. Tsiku lina sadzalekeza. Ndipo uwu wa kupempha ulendo ukhale pambali pake, chifukwa nthawi imene mkazi akufuna kuchoka ndiyo yoopsa kuposa zonse."

Ndinaimirira n'kuuyang'ana mzerewo. Ine ndine munthu wokhulupirira dongosolo, ndipo dongosolo limene linali pansi pamenepo ndinalibe poti ndilitsutsire. Mbama, foni, kutsekereza m'nyumba, mawu a imfa, khosi. Zonsezo zinali m'nyumba mwanga, ndipo zinabwera motsatana chimodzimodzi. Inatsala mikangala iwiri yokha imene ndinali ndisanaifike: mkazi kupempha kuchoka, ndi maliro. Ndinadzifunsa chimene ndingachite Nankhoma atati madzulo omwewo akufuna kupita kwawo. Yankho ndinalidziwa.

Msonkhano utatha, ndinawatsatira mayi Chirwa pamene anaimika njinga yawo yamoto, pansi pa mtengo wa mango. Kulimba mtima ndinalibe, choncho ndinayamba ndi bodza.

"Mayi, pali tenanti wina amene akuchita zonse zimene tayala zija."

"Mkazi wake ali kuti panopa?"

"Ali kunyumba."

"Nyumba iti? Mundilozere."

Dzanja langa linaloza nyumba ya malata ya manijala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandiyamikire, sanandigwire paphewa.

"M'nyumbamo muli chiyani choopsa?"

Ndinawauza za botolo.

"Ndipatseni makiyi onse, a nyumba ndi a sitolo. Inu mubwerere m'chigafa. Musandiperekeze, musamutumizire uthenga. Ndikukalankhula ndi mayiyo ndekha, ndipo chimene asankhe sindidzabwera kudzakupemphani chilolezo."

Anaitana a Zimba n'kuwanong'oneza. Mkuluyo anandilowetsa m'chigafa, anapingasa njinga yake pakhomo n'kukhala pa chitsa. Wapolisi uja anapita ndi mayi Chirwa.

Apa ndifuna mumvetsere, chifukwa ndi pamene ambiri onena umboni amadumpha. Ndinakhala pansi pafupi ndi mikangala ija, dzuwa likulowa m'mipata ya udzu. Poyamba ndinamva kupepuka. Kenako ndinayamba kuganiza za mpingo, za ntchito, za atenanti amene adzandiseke. Nditamva njinga yamoto ikulira kunyumba kwanga n'kumapita cha kumsewu waukulu, kulapa konse kunasungunuka. Chinabwera ndi mkwiyo womwe uja, wathunthu. Ndinadzambatuka.

"A Zimba, chotsani njingayo."

"Khalani pansi, bwana."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye? Ndikuchotsani ntchito!"

"Mundichotse mawa, bwana. Lero ndiye ndili pompano. Uja wa ku Phalombe tinaseka, uyu sitiseka."

Ndinawakankha, koma anyamata awiri ogwira ntchito pa jeke yodindira mabelo anabwera n'kundikhazika pansi. Munthu amene anaulula masana ndi amene ankafuna kuthamangitsa njinga yamoto ija dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake ndimati chitetezo cha mkazi chisadalire kulapa kwa mwamuna. Kulapa kwanga sikunakhalitse ngakhale mpaka madzulo. Chinamupulumutsa Nankhoma ndi chakuti anthu ena anaima pakati pa iye ndi ine.

Anamutengera kuchipatala, kenako kwa apolisi oona za nkhanza za m'banja, ndipo iye ndi ana anakagona kumalo amene ine sindinauzidwe. Anasankha kudandaula, ndipo anachita bwino. Kukhoti ndinavomera mlandu. Ndinalowa m'ndende, ntchito inatha, mpingo unandichotsa pa ukulu. M'ndendemo ndinakumana ndi Makwinja, ataonda, akudikira mlandu wake. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Bwana, nanunso?"

"Nanenso."

"Wanu mwaika kuti?"

"Ali moyo."

Anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma. Sitinalankhulanenso.

Nditatuluka, khoti linali litalamula kuti ndisayandikire kumene Nankhoma akukhala. Koma kwathu kuno nkhani ya banja sithera kukhoti. Ankhoswe a mbali zonse anaitanitsa bwalo kwa amalume anga, ndipo komiti ya m'dera imene khonsolo inakhazikitsa inavomera pokhapokha amayi awiri a m'komitimo akhale pambali pa Nankhoma. Amalume anga analankhula bwino kwambiri. "Mphwangayu wavutika, walapa. Banja ndi kupirira. Ana awiriwa akula bwanji opanda bambo?" Ngakhale alamu anga, alongo ake a mkaziyo, anavomereza. Anati kumudzi kulibe munda woti amupatse.

Nankhoma anayankha maso ali pa mphasa. "Ndamva, akuluakulu. Ine ndinapirira mpaka ndinkagona nditavala nsapato. Bambo a Tadala ndawakhululukira, koma m'nyumba mwawo sindilowanso."

Onse anatembenukira kwa ine, akudikira kuti ndigwade, ndilire, kuti apeze pomukakamizira. Ndipo ndinkamufuna, musaganize kuti sindinkamufuna. Ndinadziwa kuti ndikagwetsa misozi pamenepo, bwalo lonse limuunjikira mpaka avomere. Ndinadziwanso kuti ineyo sindingalumbire kuti dzanja langa lasintha, popeza linali lisanayesedwe.

"Amalume, zimene anenazi zikhale momwemo. Musawabweze."

Amalume analavula malovu pambali. "Sukulu inakupusitsa iwe." Anatenga ndodo yawo n'kuchoka, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pakamwa pokha.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo sindinganene kuti kwatha. Ndinabwerera kwa Mwase, kumene ndikulima kamunda ka soya ndi mtedza. Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira ndi kusafunsa. Sindinafufuze kumene akukhala, sindinatume munthu kukamuzonda, ndipo ana ndinkakumana nawo kunyumba kwa mmodzi wa amayi a komiti. Zinkandipweteka ngati minga, koma ndinazindikira kuti mtima wofuna kudziwa kumene ali ndi womwe uja unalanda foni.

Ndinalowa gulu la abambo limene komiti imasonkhanitsa, ena otumizidwa ndi khoti, ena obwera okha. Kumeneko sitiloledwa kuyamba chiganizo ndi mawu akuti "iyeyo anandiputa". Umanena chimene dzanja lako linachita, basi. Ndinaphunziranso kulimvera thupi langa. Mkwiyo wanga umayambira m'nsagwada, kenako zala zimadzipinda zokha. Ndikamva zimenezo ndimatuluka, ndimayenda mpaka kudambo, ndipo ndimaimbira mnzanga wa m'gulumo ndisanabwerere. Sindinakwatirenso. Sindikunena kuti aliyense atero, koma ine sindinafike podzikhulupirira.

Pa maesiteti amene avomera kugwira ntchito ndi khonsolo, zina zasintha. Manijala saweruzanso yekha nkhani za mabanja, chifukwa munthu wodera nkhawa fodya sangadere nkhawa mkazi nthawi yomweyo. Akazi amasankha okha anzawo awiri oti azikadandaulako. Mkazi akanena za khosi, kapena za mawu a imfa, kapena za chikwanje chimene chayamba kugona kumutu kwa mphasa, amachotsedwa kaye pamalopo, mafunso amabwera pambuyo, ngakhale fodya atapsa munda wonse. Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Maesiteti ndi ambiri, ogwira ntchitoyi ndi ochepa, eni minda ena amatseka zipata, ndipo akazi akufabe m'zigwa zino. Koma ena amene tikanawaika kumanda a alendo akuyenda.

Tsono inu akapitawo, mawu a imfa amene mwamuna anganene pa bawo musawaseke, kawanene. Inu amene khoma lanu ndi limodzi ndi la mnzanu, phokoso likasanduka chete, musati agona. Ndipo ngati pakati panu pali wina amene dzanja lake linafikapo pakhosi pa mkazi wake, ngakhale kamodzi, ngakhale kalekale, ndikudziwa kuti panopa akuyang'ana pansi ndipo akudziuza kuti zake ndi zosiyana. Inenso ndinkatero. Anthu a komiti akhala pansi pa mtengo uwo mpaka tonse tibalalike. Musadzere kunyumba kaye. Mukhoza kuyamba ndi bodza ngati ine, kuti ndi mnzanu wina, iwo adzamva. Mudzataya zambiri, ndipo mwina banjalo silidzabwerera. Ine silinabwerere.

Nankhoma anakwatiwanso, ndipo ndimangomva kuti ali ndi kagolosale kwinakwake. Tadala tsopano ndi mtsikana wamkulu, amabwera yekha kudzandiona pa tchuthi. Ulendo wathawu tikusenda mtedza pakhonde, anayamba kuseka yekha.

"Ababa, amayitu atuluka imvi. Akudandaula kwabasi, tsiku lililonse akundituma kuti ndiziwazula."

Ndinasiya mtedza uja. Maganizo anapita kwa Elube, amene sanafike pomera imvi, mpaka mwanayo anandifunsa ngati ndadwala.

Ndinati: "Usazizule, mwanangu. Uwauze azisiye zichuluke."